Matabwa Aawisi

Bungwe la alimi a mapeyala litapeza wogula wakunja, aliyense anayamba kuyenda motukula mapewa. Wapampando ankati tsopano apikisana ndi maiko ena, bola zipatso zikafike zosalala, m'mabokosi a paini wa m'nkhalango yawo yomwe. Ntchito yokhoma mabokosiwo inapita kwa kalipentala wina, munthu waluso ndithu, koma pakamwa pake mawu oti "sindingathe" sankatuluka.

Paini amafuna milungu ingapo kuti aume. Iye anali ndi masiku khumi. Atagwira thabwa lochokera kumacheka, analimva kuzizira ndi kulemera, utomoni ukumata zala. Anadziwa bwinobwino. Anangolipala pamwamba kuti lioneke louma, n'kukhoma.

Mapeyala anayenda masiku ambiri m'galimoto yotseka, ndipo anakafika atachita chuku. Wogula anabweza katundu yense, nati akaona kwina.

Pamsonkhano anthu anasakasaka wolakwa, chala n'kugwera mlongo wake wa kalipentalayo, amene ankayang'anira amayi opukuta ndi kulongedza zipatso. Akuti analongedza zonyowa. Kalipentala anakhala kumbuyo, chipewa pabondo. Mlongo wake anachotsedwa ntchito iye akuwerenga nyerere pansi. Kuyambira tsikulo fungo la paini, lomwe ankalikonda kuyambira ali mwana, sankafunanso kulimva.

Patatha sabata, mlongoyo anatulukira pashedi ya kalipentalayo.

"Achimwene, mundikhomereko kabenchi. Ndiyambe kugulitsa tomato kumsewu."

"Mawa lomweli katha, achemwali," anayankha msangamsanga, osamuyang'ana kumaso.

Mayiyo anapita pa mulu wa matabwa, n'kuika chikhatho pa lapamwamba. Anachisiya pamenepo kanthawi, monga ankachitira malemu bambo awo.

"Musathamange. Awa sanaume. Akufanana ndi aja."

Hamala inamupulumuka kalipentala. "Munkadziwa?"

"Bambo anatiphunzitsa tonse awiri kugwira thabwa. Ndinamva bokosi loyamba lomwe."

"Nanga bwanji simunanene pamsonkhano paja?"

"Inu muli ndi ana asanu, ine mmodzi." Anapukuta utomoni pansalu yake. "Komanso ndinatembenuka kawiri konse kukuyang'anani. Ndimati mwina muimirira nokha."