Mpukutu Wachinayi

Doodnauth Seeram anali atayendetsa makina a kanema ku New Amsterdam, tauni ya m'dziko lina lolamulidwa ndi Britain, kwa zaka khumi ndi chimodzi pamene asilikali a ku Britain anafika m'tauniyo. Anabwera pamalole, mfuti zili m'manja, ati kudzakhazikitsa bata, ndipo sabata yonseyo anthu ankalankhula monong'ona ngakhale pamsika.

Loweruka masana panali filimu yakale imene anthu ankaikonda, ya asilikali anayi achizungu, zidakwa zokhazokha, akuba nkhuku ndi abodza, amene anathawa kukampu kukafuna chuma m'mapiri a ku India, mapeto ake n'kulanda dziko lonselo n'kulipereka kwa Mfumukazi yawo. Filimuyo inali ya mipukutu isanu ndi umodzi. Doodnauth ankaidziwa ngati chikhatho chake. Mipukutu itatu yoyamba inali ya nthabwala. Wachinayi ndiye unali wankhondo: anayi aja amatchera mfuti yachiwaya pathanthwe n'kumapulula amwenye mazanamazana, uku akuseka. Chaka chathachi filimuyo itafika pamenepo, odula nzimbe okhala pa mabenchi a pansi, amene agogo awo anachokera ku India komweko, anagenda chinsalu ndi mabotolo mpaka kuching'amba.

Kutatsala pang'ono kuti ayambe, mwini kanemayo, Bambo Gonsalves, anakwera m'kachipinda ka makina ka Doodnauth akupukuta thukuta.

"Doodnauth, lero tili ndi alendo. Asilikali makumi awiri ndi sajeni wawo, akhala m'mwambamu."

"Bwana, bwanji tiike ina? Ya nyimbo ija ilipo."

"Iwe, afunira yomweyi. Upite ndiwe ukawauze kuti ayi?"

Atatuluka bwanayo, Doodnauth anasuzumira pa kabowo koonera pansi. Asilikali anali chapafupi pomwepo, miyendo atasanjika pa mipando, ndipo awiri anali ndi mfuti pakati pa mawondo. Pansi mabenchi anali thothotho, anthu oposa mazana atatu. Pabenchi yachiwiri anaonapo mlamu wake Bisnauth, mlongo wa mkazi wake, munthu wosachedwa kupsa mtima, yemwe chaka chatha ndiye anayamba kuponya botolo. Lero analinso ndi botolo m'manja.

Anazimitsa magetsi n'kuyatsa makina.

Mpukutu woyamba unatha bwino. Asilikali a m'filimu ataba mbuzi ya mkulu wawo, pansi anaseka, m'mwamba anasekanso. Wachiwiri chimodzimodzi. Koma Doodnauth sankaseka nawo. Ankangoona m'maganizo mwake botolo likuuluka, osati kupita kuchinsalu koma kumbuyo, m'mwamba, kenako phokoso la mfuti, kenako iye akuyenda wapansi kukauza mkazi wake Rookmin.

Wachitatu uli mkati, anatenga chitini cha mpukutu wachinayi. Anachitsegula n'kutulutsa mpukutuwo. Anaimirira kwa kanthawi ataugwira. Kenako anaubwezera m'chitini, anachikankhira kunsi kwa tebulo ndi phazi, n'kumanga wachisanu pa makina achiwiri, oyembekezera mpukutu wotsatira.

Pachinsalu, asilikali anayi anali akukwera phiri kupita kunkhondo. Mwadzidzidzi anaoneka atakhala pa mipando yagolide, atavala nkhata zamaluwa, mmodzi atamangidwa nsanza kumutu.



"Aaa! Nkhondo ija ili kuti?" Anali mawu a Bisnauth. "Alamu! Mwagona kodi m'mwambamo?"

"Wadya filimu ameneyo!"

"Doodnauth, ngati unamwa ramu tsika tikuthire madzi!"

Anayamba kuimba mluzu ndi kumenya mabenchi. Asilikali nawo anayamba kuponda pansi ndi nsapato zawo zolemera. Makoko a malalanje ankamenya khoma la kachipinda ka Doodnauth, ena ochokera pansi, ena kwa asilikali omwe.

Kenako anamva mapazi pa makwerero. Chitseko chinatseguka osagogoda, ndipo analowa sajeni, mzungu wamfupi wa khosi lofiira, ndevu za pamlomo zitayamba imvi.

"Iwe, wadumpha mpukutu."

"Unaduka, bwana. Ndi wakale kwambiri."

"Filimu imeneyi ndaionera kanayi. Uli kuti?"

Maso a Doodnauth anamupereka, anathamangira kunsi kwa tebulo. Sajeni anawerama, anakoka chitini chija n'kuchitsegula. Mpukutu unali bwinobwino, wopanda pothyoka paliponse.

"Ndiye waduka pati?"

"Bwana, taonani pansipo," anatero Doodnauth. "Chaka chatha pa mpukutu umenewu anang'amba chinsalu. Lero muli inu. Anyamata anu ali ndi mfuti. Uyo wa malaya oyera akukuwayo ndi mlamu wanga."

Sajeni anaika diso pa kabowo n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anapisa m'thumba, anaika ndudu pakamwa, n'kutulutsa machesi, chitini chili chitsegulire patsogolo pake.

Doodnauth sanaganize n'komwe. Filimu zakale zija zimayaka ngati petulo, ndipo kachipindako kanali kamatabwa, pamwamba pa anthu mazana atatu. Anamenya dzanja la sajeni, machesi n'kumwazika pansi.

Anazindikira zimene wachita sajeni atamugwira kale pakhosi pa malaya n'kumukanikizira kukhoma. Mabatani awiri anathothoka. Mpweya wa sajeni unkanunkha mowa. Doodnauth anaganiza za ana ake aakazi awiri, ndi za anthu amene anatengedwa ndi asilikali sabata imeneyo osauzidwa mlandu.

"Moto, bwana," ananong'ona. "Filimu... tonse tipsa."

Sajeni anayang'ana chitini, anayang'ana machesi ali mbwee pansi. Pang'onopang'ono anamasula dzanja. Anachotsa ndudu pakamwa n'kuibwezera m'thumba.

"Kwatsala nthawi yaitali bwanji kuti ithe?"

"Mphindi makumi awiri, bwana."

"Imalize. Ukadzandigwiranso, ndidzakuthyola dzanja."

Anatuluka. Doodnauth anamumva akukalipira anyamata ake kuti akhale chete, ndipo kuponda kuja kunaleka. Pansi anapitirizabe kutukwana, koma ankatukwana Doodnauth yekha, ndi makina ake, ndi agogo ake. Iye anamanga mpukutu womaliza, n'kukhala pansi.

Filimu itatha, asilikali anatulukira khomo la m'mbali n'kukwera lole yawo. Bambo Gonsalves anabwera atalusa, namuuza kuti akhale kunyumba sabata ziwiri aganizire bwino ngati ntchito akuifunabe. Koma Lolemba lake filimu ija anaibweza ku Georgetown kumene inachokera, ndipo sanaiitanitsenso.

Panja dzuwa linali likadalipo. Bisnauth ankamudikira pafupi ndi mayi wogulitsa chana, mtundu wa nandolo wokazinga, akutafuna.

"Alamu, mwatichititsa manyazi. Zaka zonsezi simudziwabe kuwerenga mpaka folo? Nanga malayawo atani?"

"Anakodwa pa makina."

"Mlongo wanga akakufunsani bwino."

Doodnauth anafuna kukwera njinga yake, koma phazi linkaterereka pa chopalasira. Anaganiza zongoikankha. Anayenda limodzi mpaka kwawo ku Stanleytown, Bisnauth akumufotokozera nkhondo yonse imene anthu anamanidwa, ndi mmene akanalasira chinsalu pakati penipeni.