Magazi a Azrag

Singano itangolowa mumtsempha wa m'khosi, Azrag anatulutsa pambali pa kamwa chithumba chofiira chimene ngamila zamphongo zimafufumitsa zikamalusa, n'kuchibwatitsa ngati madzi owira. Thovu lambiri linathera pampango wanga.

"Akukulonjerani, adokotala," anatero bambo, atakoka chingwe.

Azrag anali ngamila yathu yamphongo, mwini wa zazikazi zonse za m'khola. Chiyambire kuzizira anali atasiya kudya. Ankangokukuta mano, linunda likuphwa, nthiti zikuonekera. Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Tunis ndi digiri ya zaumoyo wa ziweto, ndipo chilichonse chosamveka chinkandikoma ngati tiyi wa shuga wambiri.

Ndinatenganso magazi a Hamrun, mphongo yaing'ono imene inkadya mwakachetechete kuseri kwa khola, osayang'ana n'komwe zazikazi. Magazi a Hamrun anapezeka abwino. A Azrag anali ochepa mphamvu, koma tizilombo ta matenda sindinationemo.

"Ndiye akudwala kapena ayi, Soumaya?" anafunsa bambo.

"Mwina ndi nyengo yokwera zazikaziyi, bambo. Mwinanso ndi matenda a ntchentche zoluma aja. Tizilombo take timabisala."

"Ndinakutumiza kusukulu kuti ukaphunzire mwina?" Anapukuta thovu pamkono. "Mphongo iliyonse imaonda nthawi ino, koma uyu sanafikepo apa. Chaka chatha mphongo ya anzanga a Mabrouk tinkati ndi nyengo, inafera m'tchire, nyama yake osadya ndi mmodzi yemwe. Ngati akudwala, apite kwa opha nyama akadali ndi mnofu."

Azrag ndiye anandinyamula pamsana ndili mwana. Ndinapempha mwezi umodzi. Tinamutumiza kumunda wa kanjedza wa amalume a Lazhar, kumene kulibe yaikazi ngakhale fungo lake.

Sabata isanathe, Hamrun anasiya kudya. Kamnyamata kofatsa kaja kanayamba kudziwaza mkodzo ndi mchira, kumbuyo kwa mutu kukutsika madzi akuda onunkha, ndipo tsiku lina kanaluma chitseko cha galimoto ya bambo. Pakutha pa mwezi magazi ake anali otsika ngati a Azrag aja.

"Wamupatsira," anatero bambo.

"Kapena wangolowa udindo wake."

"Udindo umayamwa magazi?"

"Taonani mmene inuyo mwaondera chikwatire."

Sanaseke. Ndinali ndi mayankho awiri, onse olowa bwino m'funso limodzi, ndipo msika wa Lachinayi unkayandikira. Tsopano bambo ankayang'ana nthiti za ngamila ina.

"Ndiphe uti? Woyamba kapena wachiwiri? Kapena onse, zazikazi zisanatengere?"

"Abwere kaye Azrag, ndimuyezenso."

Amalume anamubweretsa Lachitatu masana, akumutsogolera ndi chingwe, iwo akupuma mwawefuwefu.

"Tengani mlendo wanu, alamu. Wodwala wanji amene wandithera balere yense? Akanatha sabata ina akanadya ndi ine ndemwe."

Linunda linali litayambanso kudzuka. Ndinamutsegula chikope: m'kati munali mofiira bwino. Komabe matenda a ntchentche aja amatero, amapita n'kubweranso. Ndinasolola singano m'thumba, mutu uli balala.

Hamrun anatulukira pakati pa zazikazi, thovu lili m'khosi monse, chithumba chili lende. Azrag anakweza mutu, nanunkhiza mphepo. Anabwatitsa kukhosi kamodzi kokha, mosapupuluma.

Hamrun anaima. Anameza chithumba chake pang'onopang'ono, natembenuka, n'kupita kuseri kwa khola kumene udzu wake unakhala mwezi wathunthu osakhudzidwa. Tinamumva akutafuna.

Bambo anatola dengu la balere n'kuliika pamphuno pa Azrag. Iye analilambalala ngati mwala, maso ali pa zazikazi, mano atayamba kale kukukutika.

"Mawa kumsika sindipita," anatero bambo. Anayang'ana singano ili m'manja mwanga. "Nanga iyo ubaya uti?"