Mapazi a Adelina

Silvestro anali akupikicha kamalaya ka mwana wake pamwala wochapira pamene amayi a m'mudzi anatulukira kumtsinje, mitsuko ili pamutu. Anayesa kudzuka msanga ngati munthu wongodutsa, koma thovu la sabau linali litamufika m'zigongono.

"Taonani, apulofesolo atilanda mwala wathu!" anafuula Antónia, mkazi wa katekisita, akutula mtsuko wake. "Pepani bambo, musakhule chotero. Imeneyo ndi nsalu, si thabwa lanu lolembapo la ku sikola."

"Ikang'ambika ndisoka," anayankha Silvestro, maso ali pamwala.

"Kusokanso mumatha? Nanga ife akazi tilowere kuti? Mawa timva kuti mwayamba kuzira nyumba."

Amayi aja anaseka, nayenso anasekako pang'ono kuti asaoneke wamwano. Koma ena atatsikira kumunsi kukatunga, Antónia anatsalira. Anamulanda kamalayako, nakatsukuluza, nakafinya bwinobwino.

"Mutu umodzi susenza denga, apulofesolo," anatero motsitsa mawu. "Mwanayo muzimutumako kwathu akasewere ndi anzake. Wakhala chete kwambiri masiku ano."

"Ndi wofatsa basi," anatero Silvestro, ndipo iye ankakhulupiriradi zimenezo.

Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1972, ndipo chisanu cha ku Angónia chinali chitafika poluma zala. Silvestro ankaphunzitsa pa kasikola ka misau, ndiye kuti mishoni, ya Fonte Boa, kamene kanali kutali ndi misauyo, cha kunjira yopita ku Kalomwe. Mkazi wake Rufina anamwalira m'dzinja lapitalo ali pamachira, anthu akuthamanga naye kuchipatala cha ku Vila Coutinho. Khanda limene ankayembekezera linapita naye limodzi. M'nyumba ya aphunzitsi munatsala anthu awiri okha, iye ndi Adelina, mwana wawo wamkazi amene mano ake oyamba anali atangoyamba kuguluka.

Anthu ankayembekeza kuti maliro akatha adzaitanitsa mlongo wake kapena adzafuna mbeta. Iye sanafune munthu wina agwire mthiko wa Rufina. Anaphunzira yekha zonse. Ankadzuka kukada mbuu, n'kusesa pabwalo, n'kutunga madzi, n'kuphika phala. Kenako ankasamba, n'kuvala malaya ake oyera, n'kukaima patsogolo pa ana onjenjemera ndi mphepo, kuwaimbitsa m'Chipwitikizi mayina a mitsinje ya ku Portugal, mitsinje imene ngakhale iye sanaionepo. Akaweruka ankasenda kachewere, kusankha nyemba, kuwaza nkhuni, kutsuka mbale. Masiku oyamba nyemba zinkapserera ndipo mchere unkachuluka, koma pofika mwezi umenewu dzanja linali litazolowera. Ankanyada mumtima kuti mwana wake sanagonepo ndi njala.

Ntchito zikatha, dzuwa litapendeka, ankatulutsa mpando pakhonde n'kutsegula buku.

Mabukuwo anamusiyira ndi apadiri, ansembe ena okalamba a pa misau, pobwerera kwawo, bokosi lathunthu, zikuto zitadyedwa ndi njenjete. Sanali a mapemphero. Munali mafumu akalekale a kutsidya kwa nyanja, malinga amiyala okhala ndi zipata zokoka ndi unyolo, ankhondo okwera akavalo atavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mfiti za ndevu zofika m'mimba, ndi zinjoka zamapiko zolavula moto. Rufina sankadziwa Chipwitikizi, choncho Silvestro ankamufotokozera nkhanizo m'Chinyanja iye akupeta kapena akusenda nyemba. Mkaziyo sankalola nkhani kuyenda osaidula.

"Nanga malaya achitsulowo amawachapira ndani?" ankafunsa. "Ndipo mkazi wanuyo wangokhala pazenera chaka chonse kudikira womupulumutsa? Kudimba kwake kuli yani?"

Ankakangana, n'kuseka, Adelina akugudubuka pamphasa pakati pawo. Rufina atapita, Silvestro sanafotokozerenso munthu nkhani. Ankawerenga chamumtima, ndipo tsiku lililonse ankachedwerapo kutseka buku. Adelina ankakhala pafupi ndi khomo, atapinda miyendo m'kansalu, akubereka chitsononkho cha chimanga ngati mwana. Sankasokosa, sankapempha kanthu.

Tsiku lomwe Silvestro anachokera kumtsinje lija, la Loweruka, ali mkati moyanika zovala, kunafika mlendo. Anali Augusta, mkulu wake wa Rufina, amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, pafupi ndi Dedza. Anali mayi wamtali, wosazungulira polankhula. Analandira madzi, nafunsa za moyo, nayang'ana denga, nkhuni ndi mbale zoyanikidwa pathandala. Kenako anakhala tsonga.

"Alamu, sindinabwere kudzacheza. Andituma a Romano, amalume ake a mwanayu. Akuti mwana wa mbumba yathu sangakulire pamoto wa mwamuna. Ndabwera kudzamutenga."

Silvestro anaika pansi kamalaya konyowa kamene kanali m'manja.

"Kwathu ku Chingoni mwana ndi wa bambo, alamu."

"Kwanu ku Chingoni amalowola. Ng'ombe zanu zili m'khola la yani? Mng'ono wanga munamutenga pa Chichewa, ife tinangolola kuti mukhale naye kuno chifukwa cha ntchito yanu. Lero mwakumbuka Chingoni?"

"Mwanayu ndi yekhayo wanditsalira."

"Ifenso ndi yekhayo watitsalira wa Rufina." Augusta anayang'ana kumsewu, natsitsa mawu. "Ndipo simukumva za nkhondo zikumvekazi? Cha ku Furankungo akuti anthu akuwasonkhanitsa m'midzi yotchingidwa ndi mawaya. Magalimoto a tropa, asilikali a boma aja, ndakumana nawo m'njira monsemu. Zinthu zikavuta, amene amayamba kuitanidwa kukafunsidwa mafunso ndi aphunzitsi. Akadzakutengani inu, mwanayu adzatsala ndi ndani? Ndi bokosi lanu la mabuku?"

"Sindinalakwire munthu ine. Ndipo palibe chimene mwanayu akusowa. Amadya, amasamba, amavala zochapa. Mufunseni yekha."

"Ndimufunsa. Adelina, tabwera udzandipatse moni wabwino, mwana wa mng'ono wanga."

Adelina anadzuka pakhomo paja. Anayenda pang'onopang'ono, akuponda ndi zidendene, zala za kumapazi zili m'mwamba. Silvestro anali ataona kayendedwe kameneko masiku ambiri, ndipo ankayesa ndi masewera a ana, kapena kuzizira kwa pansi. Augusta anangoona kamodzi. Anamukoka mwanayo, namukhazika pamiyendo, natembenuza phazi.

"Mayo ine!"

Pansi pa zikhadabo, pakati pa zala, ngakhale m'mphepete mwa phazi munali matekenya. Ena anali atatupa ngati nandolo, oyera, kadontho kakuda pakati. Ena anali ataphulika n'kuyamba mafinya. Chala chaching'ono cha phazi lamanzere chinali chitafiira, chikhadabo chikugwedera.

"Alamu, mwati amasamba? Amamusambitsa ndani?"

"Amasamba yekha," anatero Silvestro. "Anandiuza kuti wakula, ndisamamusambitse."

Augusta anaitanitsa singano, madzi ofunda, mchere ndi petulo wa m'nyali. Silvestro anathamanga nazo zonse, madzi akutayikira m'njira. Anagwada kuti amugwire mwanayo mwendo, koma Adelina anaubweza.

"Atate, inu pitani mukawerenge."

Silvestro anaimirira. Sanapite ku mpando wake. Anazungulira kuseri kwa nyumba, natsamira khoma pafupi ndi ngodya, pamene ankamva zonse. Anamva mwana wake akukoka mpweya m'mano singano ikalowa, koma osalira. Anamva Augusta akung'ung'udza, akumunyengerera, akumutcha mayina achikondi amene m'nyumbamo anali atasiya kumveka.

"Iwe mwana, mapazi afike chonchi osanena? Bwanji sunawauze atate ako?"

"Ndinkafuna kuwauza. Koma m'mawa amakhala akufulumira. Ku sikola amakhala aphunzitsi. Madzulo amawerenga."

"Ndiye ukuopa buku? Sukanawakoka malaya?"

"Iyayi, amayi akulu." Mwanayo ananena monong'ona, ngati akuulula chinsinsi cha munthu wina. "Atate akamawerenga salira. Akatseka buku ndi pamene amayang'ana pamene amayi ankakhala, n'kupita kuseri. Amayesa sindiona. Ndiye ine ndimafuna aziwerengabe."

Singano inaima. 

Silvestro anachoka pakhoma paja, nalowa m'munda wa kuseri, pakati pa mapesi ouma. Anakhala pamzere, nagwira mutu. Miyezi yonseyi ankayesa kuti iye ndi amene akulera mwana, osadziwa kuti mwanayo ndi amene ankamulera iye. Ankatsatira ankhondo achitsulo m'nkhalango za kutali kukapulumutsa ana a eni, wake akudyedwa mapazi pafupi ndi mwendo wa mpando wake. Analira mmene sanalirirepo ngakhale tsiku loika Rufina, ndipo ulendo uno sanasamale kuti wina amumva.

Atabwerera, dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa. Adelina anali atagona pamiyendo ya Augusta, mapazi atakulungidwa ndi tinsanza toyera tong'ambidwa ku mpango wa mayi akulu akewo. Silvestro anakhala pansi, osati pampando.

"Chala chija chipola?" anafunsa.

"Chipola. Chikhadabo chokha ndiye chichoka, china chidzamera." Augusta anamuyang'ana maso ofiirawo, ndipo mawu ake anafewa. "Alamu, nyumba mwaisamala, sindinama. Amuna ambiri sakanatha. Koma mwana si mbale yoti ukatsuka wamaliza."

"Ndikalonjeza kuti ndiziona mapazi ake tsiku lililonse?"

"Mapazi mudzaona. Nanga zimene wasenza mumtimazi? Kamwana aka kakudikirira nkhope yanu ngati mlimi adikirira mitambo. Kwathu kuli ana anzake, akakhale mwana."

Silvestro anayang'ana Adelina nthawi yaitali. Ali m'tulo, dzanja lake linali litagwira zolimba nsalu ya Augusta.

"Mawa ndikuperekezani," anatero.

"Sindikukulandani, alamu. Chibale ndi fupa, sichiola. Dedza si kumanda, mudzabwera kudzamuona."

Kusanade Silvestro anaika makala m'simbi, nasita timalaya tonse ta mwanayo, ngakhale kansalu kogonera. Anatipinda mosamala, natimanga m'kamtolo. Pakati pake anaikamo buku limodzi laling'ono, lokhala ndi zithunzi za akavalo ndi malinga, limene Adelina ankakonda kuliona mayi ake ali moyo.

M'mawa anabwereka njinga kwa katekisita. Antónia atamva za ulendowo sanaseke. Anangolowa m'nyumba n'kutulutsa chimanga chokazinga, nachimangira mwanayo pansonga ya nsalu. Silvestro anayala bulangete pakaliyala, namukhazika Adelina, nayamba kukankha, Augusta akutsatira ndi kamtolo pamutu. Ankaizembetsa njingayo pamiyala ndi m'maenje kuti mapazi aja asagundike. M'njira anapatukira kawiri magalimoto a asilikali, fumbi likuwakuta. Adelina ankafunsa mayi akulu ake mayina a ana a kwawoko, ngati kuli mbuzi, ngati kuli mapichesi. Anaseka kamodzi, kuseka kwenikweni, ndipo Silvestro anazindikira kuti anali atayiwala mmene kumamvekera.

Anafika ku Kalomwe dzuwa litadutsa pamutu. Sanapite pachipata cha malire pomwe panali apolisi ndi amalonda. Augusta anawatsogolera ku kanjira ka m'minda kamene anthu a mbali zonse ziwiri ankadutsa popita kumaliro ndi kumsika. Pamtengo wina wa bulugamu Silvestro anaima. Mphunzitsi wa misau akaoneka kutsidya popanda chilolezo, nkhani yake inkafika kwa akuluakulu iye asanabwerere.

Anamutsitsa mwanayo, namunyamula m'manja kanthawi, kenako namuika kumsana kwa Augusta. Anali wamkulu woti sangaberekedwe, miyendo inkalendewera mpaka m'ntchafu, koma Augusta anamanga nsalu zolimba.

"Mubwera liti, atate?"

"Sikola ikatsekera."

"Mubweredi?"

"Ndibwera, mwana wanga."

Adelina anapempha kamtolo kaja. Anapisamo dzanja, nafufuza, natulutsa buku lija. Anali ataliona pamene atate ake ankaliika.

"Tengani ili, atate. Ine ndili ndi amayi akulu. Inu mulibe munthu."

Silvestro anafuna kukana, koma analandira bukulo ndi manja awiri, monga amalandirira chinthu kwa wamkulu. Augusta anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, natembenuka msanga, nayamba kuyenda. Silvestro anaima pomwepo akuyang'ana tinsanza toyera tija tikugwedezeka uku ndi uku, mpaka kanjirako kanakhotera kuseri kwa chulu.

Anatembenuza njinga, nayamba kubwerera. Anadutsa minda, nadutsa pa kantina, kasitolo ka m'mbali mwa njira, nalowa mumsewu waukulu. Anthu apanjinga ankamupitirira akumuyang'ana modabwa, ndipo wina anamufunsa ngati tayala laphulika. Apo ndi pamene anaona kuti sanakwere. Anali akukankhabe pang'onopang'ono, akuizembetsa pamiyala, bulangete lili choyala pakaliyala popanda munthu. Anaima, nayang'ana msewu wautali umene unali patsogolo pake. Kenako anagwiranso zigwiriro, napitiriza wapansi.