Mwana wa kwa Kayange

A Mackson Chimutu, a zosamalira anthu pa boma la Chitipa, kwawo kunali ku Dedza, ndipo ankayesa kuti dziko lonse limayenda ngati ku Dedza. Yakobo, mnyamata wa ku Misuku amene bambo ake anamwalira, atagwidwa akuthyola khofi m'munda wa eni, woweruza anati mwini mwana akalonjeza kumuyang'anira, abwerera kwawo. Apo ayi, apita kusukulu ya ana olakwa ku Zomba.

A Chimutu sanafunse munthu. Kwawo mwini mwana ndi malume, basi. Anaitanitsa a Lameck, mlongo wa mayi ake a Yakobo, n'kuuza wapolisi wa pakhomo kuti mlandu wa mwana salowa chigulu, alowe malume okha.

A Lameck anafika baji ya chipani ili pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Atafunsidwa ngati amutenga mwanayo, anazyolika.

"Yayi, bwana. Ng'ombe za malowolo a mayi wake tinalandira kale. Mwana ngwa kwa Kayange. Ine nitenge uli mwana wa ŵene?"

Apo m'pamene a Chimutu anazindikira kuti kuno mwana ndi wa kuchimuna. Akanatha kuimirira n'kunena kuti aitana munthu wolakwika. Koma masiku amenewo wa boma sankalakwa pagulu, ndiye anangokhalabe pampando.

"Abale amukana," anatero woweruza, n'kugamula za ku Zomba.

Panja, bambo wina wa fumbi m'miyendo anawayandikira a Chimutu atakumbatira bulangete.

"Yewo, bwana. Ndine Stefano Kayange, mng'ono wa malemu. Yakobo ni mwana wane. Nafika m'mawa kudzamutenga, kweni wapolisi wati ine yayi."

Manyazi anawagwira a Chimutu. Akanawatukwana bwenzi zili bwinoko, koma a Stefano ankayankhula mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Imwe akulolani kufika pa galimoto. Mupatseni ili. Mumuuze kuti sindinamukane."

A Chimutu anapita nalo ku Landirova ya polisi. Yakobo analilandira, n'kulidziwa pompo kuti ndi la kunyumba. Anasuzumira panja, n'kuwaona a Stefano ataima patali.

"Si adada awo? Nanga bwanji sanalowe?"

A Chimutu anangobwerera m'mbuyo. Dalaivala analiza injini, iwo akuyang'ana matayala.