Woyimba wa kwa Muhiwa

Emma ankayanika matemba padoko la Kachulu pamene nyimboyo inayamba pa wailesi ya Dailesi, mnzake wa thandala loyandikana. Poyamba kunamveka madzi akugunda bwato ndi mbalame za m'bango. Kenako mavayolini ambiri analowa pamodzi, pang'onopang'ono, malipenga akung'ung'udza pansi pake. Pamwamba pa zonsezo panatuluka mawu aakazi, oonda, akuyimba m'Chilomwe za chaka chimene nyanja inauma, mabwato n'kugona pamatope.

Manja a Emma anaima. Nyimboyo ankaidziwa. Apongozi ake, amayi a mwamuna wake Jafeti Muhiwa, ankaiyimba popalira mpunga asanamwalire.

Itatha, muulutsi anati anaikonza ndi Lucy, mtsikana wophunzira zoimbaimba ku Zomba, ndipo mawuwo anawajambula ku Kachulu, kubanja la a Muhiwa.

Dailesi anatembenuka atagwira m'chiuno. "Amake Mwayi, zaka zonsezi kutchalitchi mumangotsegula pakamwa ngati mlamba, kani mumabisa zimenezi?"

"Si ine ayi."

"Nanga ndani? Mwayi ali ndi zaka zitatu. Mkazi wamkulu pakhomo paja ndinu nokha. Loweruka muyimba paukwati wa mwana wanga, musakane."

Tsiku lonse ankatembenuza matemba osawaona. Jafeti ankapita kunyanja m'mawa uliwonse, yekha. Ngati panali mkazi wodziwa nyimbo ya apongozi ake, wina anamuphunzitsa.

Madzulo anamupeza mwamunayo atakhala pansi pa mtengo wamango, akusoka ukonde ndi zala zake zikuluzikulu.

"Abambo ake Mwayi, mkazi amene munamuphunzitsa nyimbo ya amayi ndani?"

Jafeti anasiya kusoka. "Yatuluka?"

"Doko lonse lamva."

"Ndinamupempha mtsikana uja kuti asatchule dzina."

"La mkaziyo sanatchule. Watchula lathu."

Jafeti anaika ukonde pansi. "Mawa tipitire limodzi. Mukamuona."

Kutacha anasiya Mwayi kwa aneba n'kukwera bwato. Nkhungu inali itakuta madzi, moti phiri la Chisi linkaoneka ngati likuyandama m'mwamba. Jafeti anakankha bwato ndi nsungwi, kulowa kanjira kopapatiza m'bango. Bangolo linkawakhudza m'mapewa, mame akugwera pachitenje cha Emma. Akakowa ankanyamuka patsogolo pawo mwakachetechete n'kuzimirira mu nkhungu. Emma anakulira m'mbali mwa nyanjayi koma kuno anali asanafikeko. Sankadziwanso kumene kunali kumtunda.

Anatulukira pamalo otseguka, odzaza maluwa a m'madzi. Panalibe chisakasa, panalibe bwato lina.

"Ali kuti?" anafunsa Emma.

Jafeti anagoneka nsungwi m'bwato, n'kukhala atamupatsa msana. Anapuma kawiri. Ndiye anayamba.

Mawuwo anali omwewo. Ankakwera osanjenjemera, kuyenda pamwamba pa madzi mpaka bango lakutsidya linawabweza. Emma ankayang'ana khosi lalikulu lija, msana umene unkanyamula matumba awiri a mpunga, koma makutu ake ankamva apongozi ake atawerama m'munda. Kanthawi kena sanadziwe ngati akuyimbayo ndi mwamuna, mkazi, kapena nyanja yomweyo.

Kenako nyimbo inatha.

"Zaka zisanu ndi ziwiri tili m'nyumba imodzi," anatero Emma.

"Mawu a anzanga atasintha, anga oyimbira sanasinthe," anatero Jafeti, asanatembenukebe. "Kusukulu ankanditchula Achemwali. Bambo anandimenya ndi chingwe cha ukonde, amvekere pakhomo pawo atsikana akwana. Ndinasiya. Amayi atamwalira ndinayambanso, kunoko. Ndikayimba ndimakhala ngati abwera."

"Nanga Lucyyo?"

"Anabwera ndi makina kudzajambula mbalame. Anandimva. Ndinamukanira kawiri. Kachitatu anandimvetsera mavayolini ake pafoni, ndipo ndinalira, amake Mwayi. Sindinkadziwa kuti nyimbo ya m'munda ingavale chonchi."

Emma anaviika dzanja m'madzi. Mkwiyo wadzulo unali utapita, koma m'malo mwake munalowa china cholemera.

"Dailesi akuti ndiyimbe Loweruka."

"Muwauze kuti muli ndi chimfine."

"Ndipo sabata yamawa? Ndidzadwala mpaka liti?" Anapukuta dzanja pachitenje. "Za inu sindiuza munthu. Koma kunama kuti mawuwo ndi anga, sindinama."

Loweruka tchalitchi chinadzaza, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo. Malumbiro atatha, Dailesi anaimirira n'kulengeza kuti woyimba wa pa wailesi uja ali pomwepo. Nthungululu zinamveka. Amayi awiri anamukankha Emma mpaka anafika kutsogolo.

Anaima manja atapinda. "Pepani, makolo," anatero. "Nyimbo ija sindinayimbe ndine. Ine kuyimba sinditha, mukudziwa nonse."

Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo anafunsa kuti nanga a Muhiwa ali ndi akazi angati, ena n'kuseka. Emma anangoyang'ana pansi.

Ndiye nyimbo inayamba kumbali ya amuna.

Anthu anatembenukira kwa akazi kaye, kufunafuna. Kenako anamuona Jafeti ataimirira pabenchi lachitatu, maso atatseka, jekete lake lothina m'mapewa. Lyson, msodzi mnzake, anaphulika kuseka mpaka anagwira pamimba. Anyamata ena anamutsatira. Mawu a Jafeti anagwedera pang'ono, koma sanaleke. Pofika pamene nyimbo imanena za mabwato ogona pamatope, gogo wina wachilomwe anayamba kuvomera chapansipansi, kenako wina, ndipo kuseka kuja kunazilala. Mkwatibwi ankapukuta m'maso ndi nsonga ya velo.

Potuluka, akuluakulu ena a mpingo anamudutsa Jafeti osamupatsa moni. Dailesi anamugwira dzanja ndi manja onse awiri.

Lolemba m'mawa Emma anamuperekeza Jafeti kudoko atanyamula dengu. Asodzi anali akumasula mabwato.

"Achemwali, mwadzuka bwanji?" anakuwa Lyson.

"Ndadzuka bwino, kaya inu achimwene," anayankha Jafeti, n'kukankha bwato lake. Amuna anaseka, iye osacheuka.

Emma anatsala pamtunda akuyang'ana mwamuna wake akulowa m'bango. Patapita kanthawi anaona Lyson, amene masiku onse ankalowera chakumpoto kukavuula miono yake, akukhotetsa bwato mwakachetechete kutsata kanjira komweko. Msodziyo anasiya mpata wautali pakati pa bwato lake ndi la Jafeti. Mawu aja atayamba kumveka chapatali, Lyson anatulutsa nsungwi m'madzi, n'kukhala pansi m'bwato.