Pulogalamu ya Apongozi

Chrispin anali mkamwini kwa Kandeu, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti kompyuta amaitha kuposa khasu. Apongozi ake, mayi Dailes, anali ndi sitolo ya mbewu ya mbatatesi ndi feteleza pamsika. Atamva kuti mkamwiniyo amapangira eni masitolo mapulogalamu osungira maina a makasitomala ndi katundu, anatuma mwana wawo Sibongile kuti akauze mwamuna wake awapangire nawonso.

Anachita kutuma chifukwa mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'chimanga. Choncho mawu onse ankadutsira mwa Sibongile, ndipo Sibongile ndi munthu woti ukamutuma mchere amabwera ndi nkhani za kumsika.

Zida zopangira pulogalamuyo zinalipo ziwiri. China chinali chakale, chosasangalatsa m'maso, koma chosunga zonse m'kompyuta momwemo, ndipo anthu akhala akuchidalira kuyambira Chrispin ali kupulayimale. Chinacho chinali chatsopano, chamitundumitundu, chosunga zonse pa intaneti kwa eni ake kunja.

"Pitani mukawafunse amayi," anatero Chrispin. "Akufuna chokhalitsa kapena chokongola?"

Sibongile anasuzumira pa sikirini n'kuona mabatani obiriwira.

"Amayi ndimawadziwa ine. Akonda ichi."

Chrispin anaona bwinobwino kuti mkazi wake sanadzuke n'komwe pampando. Koma nayenso mtima unali kale pa chatsopanocho, chinthu choti akaonetse anzake a ku Lilongwe. Anaipanga pulogalamu, n'kuiyesa kunyumba kwake kumtunda, n'kutumiza laputopu kusitolo. Dandaulo silinabwere, iye n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Patadutsa zaka zingapo, uthenga unafika: eni chidacho akutseka kampani, mwezi wamawa pulogalamu sidzatsegukanso. Inali nthawi imene alimi akumadimba amalembetsa mbewu, ndipo maina awo onse anali m'menemo.

Pa nkhani iyi Chrispin sakanatumanso munthu. Anatsika yekha kumsika, nazungulira kukhomo lakuseri kwa sitolo.

"Odi, amayi."

Mayi Dailes anayankha ali mkati.

"Fikani, bambo."

Sanalowe. Anakhala pa njerwa panja, nkhope ataloza kukhoma, apongozi ali kuseri kwa chitseko.

"Amayi, ndinasankha molakwika. Chija ndinakupangirani chikufa mwezi wamawa. Ndisamutsira maina onse ku chida chakale chokhalitsa, palibe lomwe litayike. Koma ulendo uno ndimve kwa inu eni ake zimene mukufuna."

"Chimenecho chidzafunanso netiweki?"

"Ayi, amayi."

"Zikomo kwambiri, bambo. Miyendoyi yatopa."

Chrispin sanamvetse.

"M'sitolo muno netiweki sigwira," anapitiriza mayi Dailes, mawu ali pansi ngati akunena za mtengo wa sopo. "Ndiye m'mawa uliwonse ndimakwera ndi laputopu pachulu chakuseri kwa chigayo, kukalowetsa za dzulo. Mvula ikamagwa, ndimatenga ambulera."

"Nthawi yonseyi? Bwanji simunatume Sibongile?"

"Kuti anthu amve? Ndimapita msika usanayambe, nditaifunditsa chitenje ngati ndanyamula nkhuku. Sindinafune azinena kuti mkamwini wa Dailes anapanga chinthu chosagwira ntchito."

Manyazi anamugwira Chrispin. Chulucho ankachidziwa, choterera, chaminga, choti iye mwini sangachikwere ndi nsapato zake za mutauni. Anangoweramira pansi, manja ali pamutu.

Kutsogolo kwa sitolo munthu anaodira, akufuna feteleza. Mpando unalira, apongozi akudzuka.

"Chimodzi chokha, bambo," anatero asanachoke pachitseko. "Za chuluzi musamuuze Sibongile. Mwana uja amakunyadirani kwambiri."