Timabawuti ta Makina Oyezera Zivomezi

Alamu ake atabwera ndi makina akale oyezera zivomezi, mmisiri wa zitsulo anaimika ntchito zina zonse.

"Timabawuti take tadyeka, ndipo m'sitolo mulibe," anatero alamuwo. "Mukatisulira tatsopano, makinawa abwerera kuofesi yoona za zivomezi kukagwira ntchito."

Mmisiriyo anasula timabawuti tochepa ngati mitu ya machesi, mpaka maso kuwawa. Ankanyadira kuti luso lake lithandiza anthu.

Patapita mwezi, anawapeza makinawo m'bala ya mnzawo wa alamu, pakati pa mabotolo. Oledzera ankadumphadumpha kuti singano yake igwedezeke, n'kumaseka.

"Kuofesi anawataya kalekale," anatero alamu, maso ali kumbali. "Ndikanakuuzani, mukanavomera?"

Mmisiriyo anatembenuka n'kutuluka. Mpaka lero, alamu akalowa pageti, iye amayatsa makina odulira zitsulo kuti asamve moni wawo.